Mfuti Imene Inabwerera M'mbuyo

Nthawi ndi nthawi pa TV timaona cithunzi cimodzimodzi. Asilikali oteteza nyama ayala pansi mfuti zimene alanda ku cigwa ca Luangwa kapena ku Kafue: zazitalizitali, zadzimbiri, zina zomangidwa ndi waya kapena mphira wa njinga. Ife a m'komboni, amene mfuti tinazidziwira m'mafilimu, timaseka. Timati izi si mfuti, ndi mapaipi a madzi.

Dzina lake ndi gogodera. Wonga ndi cipolopolo zimalowera kukamwa kwa mpaipi, ndipo mwini wake amazigogodera mpaka pansi ndi ndodo, ndiye pocokera dzinalo. Koma lero tisayang'ane kukamwa. Tiyang'ane pambali pa mfuti, pafupi ndi pamene pagwira dzanja lamanja, pomwe pali kacipangizo koyatsa wonga. Mfuti zambirimbiri zinapangidwa ndi kayatsidwe ka mtundu wina, kenako amisiri n'kucotsa ako n'kuikapo kena. Kusinthako sikunali kwa njira imodzi ayi. Kunali kupita kutsogolo, kunalinso kubwerera m'mbuyo, ndipo zambiri mwa mfuti zobwezedwa m'mbuyozo anapangira ife a ku Africa.

Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo pali cizolowezi cimodzi ca mabuku a kusukulu cimene sindigwirizana naco. Amafotokoza zipangizo ngati masitepe a nyumba yosanja: mkondo pansi, uta pamwamba pake, kenako mfuti yakale, kenako yatsopano. Mwana akawerenga amaganiza kuti aliyense amene anagwira cida cakale anali wotsalira, kapena wopanda nzeru zokwerera sitepe yotsatira. Mbiri ya kayatsidwe ka gogodera ikana zimenezo.

Mtundu woyamba Angelezi amati flintlock. Ife tingoti mfuti ya mwala. Unakhwima ku France m'zaka zoyambirira za m'ma 1600, ndipo unagwiritsidwa nchito pa nkhondo za ku Ulaya kwa zaka zoposa 200. Ngati munaonapo khasu litagunda mwala m'munda n'kutulutsa mbaliwali za moto, nzeru yake mwaidziwa kale. Pambali pa mfuti pali kacitsulo kooneka ngati khosi la tambala, ndipo Angelezi anakacha dzina lomwelo la tambala. Kukamwa kwake kamaluma kamwala kolimba, kakuthwa kutsogolo. Patsogolo pa tambalayo pali kambale kakang'ono kothiramo wonga pang'ono, ndipo kambaleko kali ndi civundikiro ca citsulo coimirira. Mlenje akakhethemula, tambala amajompha civundikiroco, mwala umapala citsulo, civundikiro cimatseguka, mbaliwali zimagwera m'kambale, wonga wa m'kambale umayaka, moto umadutsa pa kabowo ka m'mbali mwa mpaipi, ndipo apo m'pamene wonga waukulu wa m'kati umaphulika n'kukankha cipolopolo.

Ulendo wa moto ndi wautali, ndipo paliponse ungathe kuima. Mwala umabuntha: ukawombera maulendo 20 kapena 30 ufunika kuunola kapena kuikapo wina. Mphepo ingauluze wonga wa m'kambale. Kabowo kangatsekeke ndi mwaye. Koma mdani wamkulu ndi madzi. Taganizirani mlenje m'mwezi wa Januwale, udzu wonse uli nowenowe, njati ili patsogolo pake, iye akhethemula, ndipo cimene cimveka ndi kakuti "khe" cabe.

Munthu amene anafupikitsa ulendowu sanali msilikali. Anali m'busa wa mpingo, Alexander John Forsyth wa ku Belhelvie ku Scotland, amene anali kukonda kusaka abakha a m'madzi. Dandaulo lake linali lakuti mbalame zinali kuona kung'anima kwa m'kambale n'kuthawa cipolopolo cisanatuluke. Mu 1800 katswiri wina wa mankhwala, Edward Howard, anali atafotokoza mankhwala opangidwa ndi mercury amene amaphulika akangomenyedwa, osafuna moto. Forsyth anaona kuti mankhwala a mtundu wotere angayatse wonga, ndipo mu 1807 analembetsa nzeru yake kuboma. Cipangizo cake cinali covuta komanso codula. Ca m'ma 1820 amisiri ena anaipeputsa nzeruyo: anaika kadontho ka mankhwalawo m'kacisoti ka mkuwa, kakang'ono kuposa njere ya cimanga. Angelezi amati cap, Aswahili amati fataki. Kacisotiko amakaveka pa kacitsulo kobooka pakati, kooneka ngati nsonga ya bere, ndipo dzina lake m'Cingelezi ndi lomwelo. Nyundo ikamenya, moto umalowa m'kabereko mpaka ku wonga. Palibe mwala, palibe kambale, palibe wonga wokhala panja. Iyi ndiyo mfuti ya percussion, imene tiziicha ya kacisoti.

Akuluakulu a asilikali, monga mwa cikhalidwe cao, anacedwa kukhulupirira. Mu 1834 ku Woolwich ku England anayesa mitundu iwiriyi: mfuti za mwala zinaombedwa maulendo 6,000, za kacisoti cimodzimodzi, pa nyengo zosiyanasiyana. Pa kukana kumodzi kwa mfuti ya kacisoti, ya mwala inali itakana pafupifupi maulendo 26. Umboni wina unabwera m'Meyi 1841 pafupi ndi mzinda wa Canton ku China, pa nkhondo imene Angelezi anamenya pofuna kupitiriza kugulitsa opium. Cimvula cinagwa, ndipo gulu la asilikali ao ocokera ku India linazingidwa ndi anthu a m'midzi, mfuti zao za mwala zitasanduka ndodo. Anawapulumutsa ndi anzao amene anali ndi mfuti za kacisoti.

Apa boma lililonse la ku Ulaya linali ndi vuto. M'nkhokwe munali mfuti za mwala zosawerengeka, zotsala pa nkhondo za Napoleon. Mpaipi unali wabwino, cimtengo cogwirira cinali cabwino, ngakhale masipuling'i a m'kati anali abwino. Cokalamba cinali kayatsidwe kokha. Amene mukumbuka pamene mawailesi a kanema anasamukira ku dijito muzimva msanga: sitinataye ma TV athu, tinangogula kabokosi n'kulumikiza kumbuyo. Maboma nao anacita cimodzimodzi.

Mmisiri anali kuyamba ndi loko, citsulo cafulati ca pambali cimene cimanyamula zoyatsira zonse. Anali kucotsa tambala ndi mwala wake, kucotsa civundikiro ndi sipuling'i yake, kudula kambale n'kusalaza ndi tupa, ndi kutseka mabowo a masikuluwu amene atsala opanda nchito. Pamalo pa tambala anali kuikapo nyundo. Nchito yofuna mutu inali pa mpaipi, cifukwa kabere kanafunika pokhala, ndipo nyundo inafunika kukamenya pakati penipeni. Njira yochipa, ya amisiri a m'midzi, inali kukulitsa kabowo ka m'mbali kaja n'kupoteramo kacitsulo kobulungira ngati kang'oma, kabere n'kukhala pamwamba pa kang'omako. Njira yaciwiri, imene inachedwa ya ku Belgium, inali kutsekeratu kabowo kakale n'kuboola kena pamwamba pa mpaipi, kabere n'kulowa mwacindunji. Inali yacangu, ndipo boma la America linaigwiritsa nchito pa mfuti zake mazana a masauzande m'zaka za m'ma 1840 ndi 1850. Koma citsulo ca pamenepo si cocindikala kwenikweni, ndipo pamene anayesa kuziombetsa zipolopolo zatsopano zolemera, tibere tina tinayamba kuzuka. Njira yacitatu inali kudula thako lonse la mpaipi n'kuikapo latsopano lokhala kale ndi malo a kabere. Inali yolimba koposa, komanso yodula koposa.

Ku England nchitoyi inasokonezedwa ndi ngozi. Usiku wa pa 30 Okutobala 1841 moto unapsereza nkhokwe yaikulu ya zida ku Tower of London, ndipo mfuti masauzande ambiri zinathera momwemo, kuphatikizapo zimene zinali kuyembekezera kusinthidwa. Boma linakakamizika kupanga zatsopano za kacisoti. Ku America alenje wamba nao anatengera mfuti zao zazitali kwa wosula zitsulo wa pamudzi, kotero kuti zambiri mwa mfuti zakale za kumeneko zimene zilipo lero zinasinthidwapo.

Mfuti yosinthidwa siibisa. Imakhala ndi zipsera: mabowo otsekedwa pa loko, cotsalira ca kambale, nyundo imene mtundu wake sufanana ndi citsulo cinzake. Wodziwa amawerenga zipserazo ngati mmene agogo amawerengera mphini pankhope ya mlendo.

Tsopano tibwerere ku kabokosi ka TV kaja. Titakagula zithunzi zinayamba kuoneka bwino, inde, koma tinayambanso kulipira mwezi ndi mwezi, ndipo mwezi umene sunalipire umangotsala ndi zocepa. Kacisoti kali conco. Mwala ungautole, ungausweke, ungaunole ndi msana wa mpeni, ndipo madzulo ungakolezere nao moto wophikira. Kacisoti sungakatole pansi. Kanali kupangidwa m'mafakitale a ku Birmingham, London ndi mizinda ina yocepa, pa nchito yoopsa: mu 1859 fakitale ya tizisoti pa Whittall Street ku Birmingham inaphulika n'kupha anthu pafupifupi 20, ambiri a iwo atsikana ndi amayi. Msilikali wa boma analibe nkhawa, popeza boma linali kum'patsa tizisoti. Koma munthu wokhala ulendo wa miyezi itatu kucokera kunyanja yamcere, tizisoti take tikatha, anali kutsala ndi cibonga cacitali. Ndiye cifukwa cake alenje a kumpoto kwa Canada anapitiriza kugula mfuti za mwala kwa zaka zambiri asilikali atazisiya. Sanali opusa. Anali kudziwa mtunda umene unalipo pakati pa iwo ndi sitolo.

Makolo athu nao anawerengera cimodzimodzi. Mfuti zinalowa m'dziko limene lero ndi Zambia kudzera m'makomo angapo. Kumadzulo zinabwera ndi amalonda ocokera ku Bihe ku Angola, amene kuno anali kuchedwa Mambari. David Livingstone analemba m'buku lake la mu 1857 kuti mu 1850 Amambari anafika kwa Sebitwane, mfumu ya Akololo imene inali kulamulira ku Bulozi, atanyamula mfuti zakale za Cipwitikizi. Sebitwane anafuna kulipira ng'ombe kapena minyanga ya njovu, iwo anakana. Anafuna anyamata a zaka pafupifupi 14. Mfuti 8 zinagulidwa ndi anyamata 8, ana ogwidwa ku mitundu imene Akololo anagonjetsa. Ndikafika pa nkhaniyi m'kalasi la Giredi 9 ndimayang'ana amene akhala patsogolo panga, cifukwa msinkhu wao ndi womwewo.

Mfuti yochuka ya njira ya kumadzuloyi inali lazarina, ya mwala, yaitali, yopepuka. Dzinalo linacokera kwa Lazarino Cominazzo, wa banja la amisiri a mipaipi ya mfuti kufupi ndi Brescia ku Italy m'zaka za m'ma 1600, ngakhale zimene zinali kufika kuno zinali zongotengera dzina, zopangidwa ku Portugal ndi ku Liège ku Belgium. Wolemba mbiri Giacomo Macola, m'buku lake la mu 2016 lochedwa The Gun in Central Africa, aonetsa kuti Aluvale, Akaonde ndi anansi ao sanalandire mfuti ngati cinthu cacilendo coopedwa. Anaphunzira kuzikonza zikathyoka ndi kudzipangira wonga. Kufewa kwa citsulo cake, kumene Azungu anali kunyoza, ndiko kunalola wosula wa pamudzi kuikonza pa cipala cake. Miyala nayo anali kusema okha. Mu 1969 katswiri wofukula zakale David Phillipson anasindikiza nkhani yofotokoza kasemedwe ka miyala ya mfuti kumpoto cakumadzulo kwa Zambia. Tinali titalandira kale ufulu, ndeke zikutera mu Lusaka, koma luso limenelo linali likalipo.

Kum'mawa ndi kumpoto mfuti zinabwera ndi Aswahili ndi Aluya ocokera ku Zanzibar. Mu 1867 Tippu Tip anagonjetsa Nsama, mfumu ya Atabwa pakati pa nyanja za Mweru ndi Tanganyika, ndi anthu ocepa koma a mfuti. M'cigwa ca Zambezi ndi Luangwa munali Acikunda, osaka njovu ndi akapolo, pansi pa mabwana onga Kanyemba ndi Matakenya a ku Zumbo. Kum'mwera George Westbeech anamanga sitolo ku Pandamatenga m'zaka zoyambirira za m'ma 1870 n'kumagulitsa mfuti kwa Sipopa posinthana ndi minyanga. Nthawiyi mfuti zinasefukira, ndipo cifukwa cake cinali ku Ulaya. Asilikali a kumeneko anali atasamukanso, ulendo uno kupita ku mfuti zolowetsera cipolopolo kumbuyo: Angelezi anatenga Snider mu 1866 ndi Martini-Henry mu 1871. Magogodera onse, a mwala ndi a kacisoti, anasanduka salaula. Amalonda anawagula pa mtengo wogwetsa n'kuwakweza m'zombo. Conco mfuti imodzi inali kutha kubadwa ya mwala ku Birmingham, kuvekedwa nyundo patapita zaka 30, kugona m'nkhokwe zaka zina 20, n'kudzathera pa phewa la Mcikunda ku Feira.

Kubwerera m'mbuyo kwenikweni kunabwera ndi lamulo. Pa 2 Julayi 1890 maiko a ku Ulaya, pamodzi ndi America ndi ena ocepa, anasaina cipangano ku Brussels. Colinga colembedwa pamwamba cinali kuthetsa malonda a akapolo. M'kati mwake anajambula lamba wopingasa Africa, kuyambira pa madigiri 20 kumpoto kwa ikweta mpaka madigiri 22 kum'mwera. Zambia yense, amene ali pakati pa madigiri 8 ndi 18 kum'mwera, ali m'kati mwa lambayo. M'dera limeneli mfuti zamakono ndi zipolopolo zake zinaletsedwa kugulitsidwa kwa anthu wamba. Zololedwa kutuluka m'nkhokwe kukagulitsidwa zinali mfuti za mwala, za mpaipi wosalala m'kati, ndi wonga wamba wa malonda. Mpaipi wosalala ndi uja wopanda mizere yopotana imene imazungulitsa cipolopolo kuti cipite patali mosaphonya.

Sindikana kuti mfuti ndi ukapolo zinali kuyendera limodzi; anyamata 8 aja atiuza kale. Koma taonani kalendala. Pasanathe sabata imodzi cipangano ca ku Brussels cisanasainidwe, Lewanika anali atasaina ca Lochner, cimene kampani ya Cecil Rhodes inagwiritsa nchito podzitengera mbali yaikulu ya dziko lino. Anthu amene anali kugawana Africa ndi omwewo amene anagamula kuti Mwafrika aziloledwa mfuti ya mtundu wanji, ndipo anam'sankhira imene iwo anaitaya zaka 50 m'mbuyomo. Palibe mfumu ya kuno imene inafunsidwa. Mwala umene mlenje wa Ciluvale anausankha yekha cifukwa ca ufulu umene unali kum'patsa, tsopano unakhala malire oikidwa ndi ena.

Amalonda saona lamulo ngati khoma, amaliona ngati msika. Ku Liège kunali milu ya mfuti za kacisoti zotayidwa ndi asilikali a maiko osiyanasiyana. Amisiri a kumeneko anayamba kucita nchito ya agogo ao cobwerera. Anacotsa nyundo n'kuikapo tambala. Anacotsa kabere n'kutseka malo ake. Anaboola kabowo m'mbali, n'kulumikiza kambale ndi civundikiro pa loko imene sinapangidwire zimenezo. Kumene mpaipi unali ndi mizere, anaipala mpaka kusalala. Zotuluka zake zinali mfuti zooneka zacilendo, thupi la m'ma 1850 lovala mutu wa m'ma 1700, ndipo zinapita ku Congo ndi ku madoko ena a Africa mpaka m'kati mwa zaka za m'ma 1900. Ganizirani mmisiri wolipidwa kuti acotse mphamvu pa cida, cifukwa wogula wake ndi munthu wakuda.

Lamulo lomweli linasunga moyo wa kamudzi kena ka ku England. Ku Brandon, m'boma la Suffolk, kunali mabanja osema miyala ya mfuti, amene pa nkhondo za Napoleon anali kudyetsa asilikali a Angelezi. Kacisoti katabwera nchito yao inayenera kufa. Inapitirira cifukwa ca Africa, ndipo migolo ya miyala ya ku Brandon inali kutumizidwabe kuno ngakhale nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha. Osemawo ambiri sanali kukalamba. Fumbi la mwala linali kuwadya mapapo, matenda omwe aja amene abale athu a m'migodi amawadziwa bwino.

Lamulo la ku Brussels silinatseke makomo onse. Malire anali aatali, oyang'anira ocepa, ndipo mfuti za kacisoti zinapitiriza kulowa mozemba. Koma kusiyana kwa mphamvu kunali kutakhazikika. Ife a kum'mawa tinakuona mu Januwale 1898, pamene asilikali a Angelezi ocokera ku Nyasaland anafika kwa Mpezeni ndi mfuti za Maxim ndi mizinga. Angoni anali nazo mfuti zina, koma Macola akamba kuti ankhondo ao anali kuipeputsa mfuti, poona kuti mwamuna weniweni amamenya pafupi, ndi mkondo ndi cishango. Nkhondo inatha m'masiku ocepa. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo, anaomberedwa mu Febuluwale, ndipo ng'ombe masauzande zinalandidwa. Ena amati Angoni akanakhala ndi mfuti zambiri akanapambana. Ine sindiganiza conco. Gogodera, kaya wa mwala kaya wa kacisoti, m'manja mwa katswiri amaomba kawiri kapena katatu pa mphindi imodzi. Maxim imaomba mazanamazana.

Pansi pa atsamunda gogodera anasiya kukhala cida ca nkhondo n'kukhala cida ca ndiwo ndi coteteza munda ku njovu ndi nguluwe. Analinso cuma ca banja, cosiyirana pakati pa malume ndi mphwake. Ndipo kusintha kuja kunapitirira, koma tsopano m'manja mwa amisiri athu. Vuto la kacisoti linali lakuti kanali kucokera kutali. Masitolo atafika m'midzi anabweretsa kanthu kena kochipa kamene nako kamayaka kakamenyedwa: mutu wa macisa. Alenje anaona, ndipo fakitale ya ku Birmingham inasiya kukhala yofunika. Mukayang'anitsitsa zithunzi zija za mfuti zolandidwa, nthawi zambiri mudzaona nyundo, osati tambala woluma mwala. Cimene cinaletsa makolo kusiya mwala sicinali umbuli, cinali mtunda wa kusitolo. Mtundawo utafupika, anasintha okha popanda wowaphunzitsa.

Ndisanamizire kuti zonsezi ndi zokoma. Gogodera wosulidwa pamudzi amaphulikira mwini wake, ndipo alipo amuna opanda zala amene angacitire umboni. Nyama imene walasa osaipha imasanduka yolusa. Kukhala naye popanda laisensi ndi mlandu, kusaka naye m'malo otetezedwa ndi mlandu wina, ndipo amene amapita kundende ndi wosauka wa kumudzi, osati wa m'tauni amene anaitanitsa nyamayo. Ku cigwa ca Luangwa bungwe la COMACO lakhala likulandira mfuti ndi misampha kwa alenje amene asankha ulimi, n'kumawagula mbeu zao. Ciponde ca It's Wild! cimene mumaona m'masitolo cicokera ku nchito imeneyo.

Pamene kuno gogodera apita nayo munthu kundende, kwina kwake ndi masewera a anthu okhuta, ndipo kumeneko mfuti ibwereranso m'mbuyo kacitatu. Ku Pennsylvania ku America, kuyambira mu 1974, boma limapatula nyengo yosaka agwape imene mfuti yololedwa ndi ya mwala. Imagwa pambuyo pa Khrisimasi, m'cisanu coopsa. Munthu amene ali ndi gogodera wamakono wa kacisoti, ngati afuna kusaka nao pa nyengoyo, amapita kwa mmisiri kuti acotse kang'oma kaja, apoteremo kacitsulo kokhala ndi kabowo ka moto, ndi kuikapo loko ya mwala yolingana ndi malo a yakaleyo. Ena amasunga maloko onse awiri n'kumasinthanitsa. Cimene makolo athu anapatsidwa ngati malire, awa amacifuna dala, cifukwa kupha nyama ndi mfuti imene ingakane nthawi iliyonse kumapatsa ulemu pakati pa alenje anzao.

Palinso osonkhanitsa zinthu zakale. Kwa iwo mfuti ya m'ma 1700 imene ikali ndi mwala wake ndi yodula kuposa inzake imene inasinthidwa. Conco m'zaka za m'ma 1900 ogulitsa ambiri anatenga mfuti zosinthidwa n'kuzibweza ku mwala: kucotsa nyundo, kuwocherera kambale kena, kutseka pamene panali kang'oma n'kuboolanso kabowo. Ena amaulula kwa wogula, ena amakhala cete. Kwa ine kucita conco ndi kung'amba masamba a pakati pa buku. Mfuti yopangidwa mu 1790 n'kusinthidwa mu 1840 mwina inagwira nchito zaka zambiri ndi nyundo kuposa ndi tambala, ndipo wosula wa pamudzi amene anaika nyundoyo ndi mbali ya mbiri yake mofanana ndi amene anaipanga.

Akatswiri ali ndi njira zogwirira cinyengoci. Amamasula loko n'kuyang'ana kumbuyo kwake ngati zitsulo zonse zakalamba mofanana. Amaunika kabowo ka moto: ka mfuti imene inaombadi ndi mwala zaka zambiri kamakhala kodyeka ndi kokula, pamene kongoboola kumene kamakhala kozungulira bwino, kakuthwa m'mphepete. Koma mboni yovuta kuitseka pakamwa ndi kacisoti komwe. Mankhwala a tizisoti takale anali kudya citsulo ndi kuwaula mtengo. Mfuti imene inaomba nato kwa zaka 20 kapena 30 imakhala ndi timaenjemaenje tadzimbiri kuzungulira thako la mpaipi, ndi mtengo wopsa kumbuyo kwa pamene panali kabere, ngakhale pamwamba pake patakhala tambala wonyezimira ataluma mwala wa ku Brandon.